Kodi gravity ndi mphamvu yokoka, kapena ndi kupindika kwa malo ndi nthawi?

M'Chichewa timati "mphamvu yokoka ya dziko", ndipo dzinali laweruza kale mlandu usanayambe n'kuzengedwa komwe: lati ndi mphamvu, latinso imakoka. Mabuku a physics a ku sekondale amatero. Koma wophunzira yemweyo akapita patsogolo amamva kuti Einstein anati palibe chimene chimakoka mwala, umagwa chifukwa malo ndi nthawi n'zopindika. Ndiye wonama ndani? Kuti dzina lisatikondere, pano tingoti gravity.

Njira zimene akatswiri amawerengeradi nazo zilipo zitatu. Tiziyeza pofunsa kuti chipangizo choyezera chimaonetsa chiyani, njirayo imalephera pati, ndipo masamu ake ndi olemera bwanji.

Njira ya Newton: zinthu zimakokana

Isaac Newton anasindikiza lamulo lake mu 1687. Zinthu ziwiri zilizonse zimakokana. Kuti mupeze mphamvuyo, chulukitsani makilogalamu a chinthu choyamba ndi a chachiwiri, chulukitsaninso ndi nambala yotchedwa G, yomwe ndi 6.674 × 10⁻¹¹, kenako gawani ndi mtunda wa pakati pawo wochulukitsidwa ndi mwini wake. Matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, otalikirana mita imodzi, amakokana ndi mphamvu ya manewton 0.00000017 (newton ndi muyezo wa mphamvu), yomwe ikufanana ndi kulemera kwa kanjere kamodzi ka mchenga wosalala. Thumba lomwelo dziko limalikoka ndi manewton 490.

Ubwino wa njirayi ndi woti lamulo limodzi lalifupi limagwira pansi pano ndi kumwamba komwe. Mwezi uli kutali maulendo 60 kuyerekeza ndi mtunda wochokera pakati pa dziko kufika pamene taima. Choncho uyenera kugwera ku dziko mofooka maulendo 3,600 kuposa mwala: sekondi iliyonse liwiro la mwala wogwa limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, nambala yotchedwa g; 9.8 kugawa ndi 3,600 ndi 0.0027, ndipo kuzungulira kwa mwezi kumapereka nambala yomweyo. Mu 1846 Urbain Le Verrier anawerengera ndi lamuloli pamene panayenera kukhala pulaneti losadziwika limene linkasokoneza Uranus, ndipo Johann Galle ku Berlin anapeza Neptune usiku womwe analandira kalata yake.

Zofooka zilipo zitatu. Choyamba, mphamvuyi imafika pompopompo, ngakhale pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni wochokera ku dzuwa, popanda choinyamula. Newton mwiniwake sanakhutire nazo, ndipo anakana kupeka chifukwa chake. Chachiwiri ndi kayendedwe ka pulaneti la Mercury, yemwe tim'bwerera. Chachitatu n'chobisika, koma ndiye pagona nkhani yonse. Makilogalamu a chinthu amagwira ntchito ziwiri m'masamu a Newton: amanena kukula kwa mphamvu imene gravity ikukokera chinthucho, amanenanso kuvuta kwa kuchikankha. Ziwirizi zimafafanizana ndendende, n'chifukwa chake zinthu zonse zimagwa mofanana pakakhala palibe mpweya. David Scott wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi mu 1971, zinafika pamodzi. Setilaiti ya ku France yotchedwa MICROSCOPE inayerekeza kagwedwe ka titanium ndi platinum, ndipo zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti n'zofanana mpaka pa gawo limodzi mwa 10¹⁵. Palibe mphamvu ina yotere. Maginito amakoka msomali n'kusiya mtengo. Newton alibe chifukwa chake, amangoti zinangochitika choncho.

Yesani nokha musanasankhe

Foni yamakono ili ndi kachipangizo kotchedwa accelerometer. M'kati mwake muli kachitsulo kakang'ono kwambiri kogwiridwa ndi timasipuling'i, ndipo foni imayeza mmene timasipuling'ito tapindikira. Pulogalamu yaulere ya phyphox, ya ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, imaonetsa manambala ake. Sankhani muyezo umene sunachotse g. Goneketsani foni pa tebulo: muona pafupifupi 9.8, ndipo njira yake ikuloza kumwamba. Tsopano yambitsani kujambula, gwirani foni mita imodzi pamwamba pa matiresi, muisiye igwe. Kugwako kumatenga masekondi 0.45 okha, ndipo pa nthawi imeneyo mzere umatsika n'kufika pafupi ndi ziro.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Foni ikagwa ikuzungulira, nambala sifika pa ziro chifukwa kachipangizoko sikali pakati penipeni pa foni, choncho ingotsegulani zala, osaiponya. Mukasankha muyezo umene unachotsa kale g, muona zotsutsana: ziro pa tebulo, 9.8 pakugwa, chifukwa pulogalamu yawerengera m'malo mwanu mwa njira ya Newton. Ndipo ngati ikuyeza maulendo ochepa kwambiri pa sekondi, kugwako kumangooneka ngati kadontho.

Opanda foni yotere atenge botolo la pulasitiki, aliboole ndi msomali m'mbali chakumunsi, alidzaze madzi, chivindikiro achisiye chomasuka. Madzi amathovoka pa bowo. Mukalisiya kuchokera pa mamita awiri, kwa masekondi 0.6 amenewo madzi amaleka kutuluka. Mukamanga chivindikiro mwamphamvu mwaononga zonse, chifukwa madzi aleka okha botolo lisanagwe.

Taonani chimene chachitika. Pamene Newton akuti gravity yokha ndiyo ikugwira ntchito, ndi pamene chipangizo chikuti palibe mphamvu iliyonse. Pamene Newton akuti foni yangokhala phee, chipangizo chikuti ikukankhidwa kupita kumwamba. Wotsatira Newton ali ndi yankho labwino ndithu: gravity ikukoka kachitsulo ndi foni yonse mofanana, ndiye timasipuling'i sitipindika. Yankholi silolakwika. Kungoti tatsala ndi mphamvu imene palibe sikelo ingaigwire mwachindunji. Chimene sikelo ya pa chigayo imayeza ndi mmene ikukankhira thumba kuti lisagwe. Kulemera kumene mukumva panopa ndi mpando ukukukankhani.

N'chimodzimodzi ndi anthu a mu International Space Station, chombo chimene chimazungulira dziko. Pa makilomita 400 pamene ali, masamu a Newton amati gravity ikadali pafupifupi 90 peresenti ya pansi pano. Amayandama chifukwa iwo ndi chombo chawo akugwa limodzi, akuthamangira cham'mbali pa makilomita 7.7 pa sekondi, moti amangophonya dziko.

Njira ya Einstein: wogwa ndiye akuyenda mowongoka

Mu 1907, akugwira ntchito mu ofesi ya ma patent ku Bern, Albert Einstein anazindikira kuti munthu amene akugwa samva kulemera kwake. Anatembenuza nkhani yonse. Mwala umene ukugwa sukukokedwa ndi kanthu, ukungotsata njira yowongoka kwambiri imene ilipo. Amene akupatutsidwa pa njira yake ndi inuyo, chifukwa nthaka ikukutchingani. Zinam'tengera zaka zisanu ndi zitatu, ndi thandizo la mnzake wa masamu Marcel Grossmann, kuti amalize chiphunzitso chake cha gravity chotchedwa general relativity mu November 1915.

Kodi njira yowongoka ingapinde bwanji? Anthu awiri aime pa equator motalikirana makilomita 100, onse alunjike kumpoto osakhota. Poyamba njira zawo n'zoyendera limodzi, koma akayenda makilomita 10,000 akumana ku North Pole. Palibe chingwe chawakoka. Dziko n'lobulungira basi. Amene sakudziwa zimenezi anganene kuti pali mphamvu yowakokera pamodzi, ndipo angadabwe kuti mphamvuyo imagwira mofanana wonenepa ndi woonda, woyenda pansi ndi wa pa njinga. Chinsinsi cha hamala ndi nthenga chatha pomwepa: zimagwa mofanana chifukwa msewu ndi umodzi.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi chithunzi chija cha chimpira cholemera chili pa nsalu yotambasula, timipira tikuzungulira m'mbali. Chithunzichi chili ndi zolakwika ziwiri. Timipirato timatsikira pakati chifukwa gravity ya m'chipindamo ikutikoka, ndiye mwafotokoza gravity pogwiritsa ntchito gravity. Komanso chimangoonetsa kupindika kwa malo, pamene kugwa kwa mwala pafupifupi konse kumachokera ku nthawi. Wotchi ya pansi imayenda pang'onopang'ono kuposa ya pamwamba, kusiyana kwake ndi gawo limodzi mwa 10¹⁶ pa mita iliyonse. Wotchi ya pa Sapitwa, mamita 3,002, ingatsogole ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere ndi ma microsecond pafupifupi 10 pa chaka, microsecond kukhala gawo limodzi mwa miliyoni la sekondi.

Kakusiyana kotereka kangagwetse bwanji mwala? Ponyani mwala m'mwamba mamita 5, ubwerera patatha masekondi awiri. Mu masamu a Einstein nthawi ndi mbali yachinayi ya ulendo, ndipo sekondi imodzi imawerengedwa ngati makilomita 300,000, mtunda umene kuwala kumayenda pa sekondiyo. Ulendo wa mwalawo ndiye kuti ndi wa makilomita 600,000, ndipo wakhota ndi mamita 5 okha. Kupindikako n'kochepetsetsa. Kumaoneka kwakukulu chifukwa chilichonse chikuthamanga kwambiri kulowera ku mawa.

Funso limene wophunzira wochangamuka amafunsa ndi ili: ngati nthaka ikutikankhira kumwamba ku Lilongwe, ikukankhanso anthu a mbali ina ya dziko, bwanji dziko silikufufuma? Yankho n'lakuti pamene malo ndi nthawi zapindika, kukhala pamalo amodzi kumafuna kukankhidwa kosalekeza, monga wopalasa bwato amene amapalasa ndi mphamvu kuti angokhala pa dooko pomwepo madzi akutsika. Miyala ya m'kati mwa dziko ikugwira ntchito imeneyo.

Pali gawo la gravity limene kugwa sikungalifafanize, ndipo limeneli ndilo kupindika kwenikweni. Siyani miyala iwiri yotalikirana mita imodzi igwe mamita 20. Iliyonse ikulunjika pakati pa dziko, choncho pofika pansi yayandikirana ndi mamilimita 0.003. Koma mukaika mwala wina pamwamba pa unzake, miyalayo imatalikirana ikamagwa. Kukokeka ndi kufinyika kumeneku n'kumene kumadzaza ndi kuphwetsa nyanja pa doko la Beira kawiri pa tsiku, ndipo n'kumene setilaiti ya GOCE ya ku Ulaya inkayeza kuyambira 2009 mpaka 2013. Munthu akakufunsani kuti gravity yeniyeni ndi iti, imene aliyense angaiyeze kaya akugwa kaya waima, ndi imeneyi.

Pamene manambala amasiyana

Zikanakhala kuti njira ziwirizi zimapereka manambala ofanana paliponse, kusankha kukanakhala nkhani ya kukonda. Koma zimasiyana, ndipo ponse pamene zayesedwa Newton wagonja.

Malo amene Mercury amayandikira kwambiri dzuwa amasuntha pang'onopang'ono. Mapulaneti ena amafotokoza kusunthaku pafupifupi konse, koma pamatsala ma arcsecond 43 pa zaka 100. Arcsecond ndi digiri imodzi yogawidwa 3,600, ndipo 43 ndi ngati chikhadabo cha chala chachikulu mukachiona kuchokera ku golo ina ya bwalo la mpira. Le Verrier yemwe uja anaona vutoli mu 1859, nayesa mankhwala amene anagwira pa Neptune: anati kuli pulaneti lina pafupi ndi dzuwa, linapatsidwa dzina loti Vulcan. Analifunafuna zaka zambiri osalipeza. Masamu a Einstein anatulutsa 43 popanda kuwonjezera kanthu.

Kuwala kwa nyenyezi kodutsa m'mphepete mwa dzuwa kumakhota. Mukawerengera mwa Newton mupeza ma arcsecond 0.87, mwa Einstein 1.75, kuwirikiza kawiri chifukwa chinthu chothamanga chotere chimamva kupindika kwa nthawi ndi kwa malo komwe. Pa kadamsana wa pa 29 May 1919, magulu awiri, lina la Arthur Eddington pa chilumba cha Príncipe kumadzulo kwa Africa, lina ku Sobral ku Brazil, anapeza zogwirizana ndi Einstein. Miyezo yawo inali yosalongosoka kwenikweni. Imene inatseka pakamwa otsutsa ndi ya pambuyo pake, ya ma telesikopu a wailesi ndi ya chombo cha Cassini.

Za mawotchi Newton alibe ponena, chifukwa kwa iye nthawi ndi imodzi kulikonse. Robert Pound ndi Glen Rebka anayeza kusiyanaku ku Harvard mu 1960 pa nsanja ya mamita 22.5. Mu 2010 akatswiri a ku NIST ku America anakuona atakweza wotchi ndi masentimita 33 okha. Masetilaiti a GPS, amene ali pa makilomita 20,200, mawotchi awo amatsogola ndi ma microsecond 45 pa tsiku chifukwa cha kutalika, n'kutsalira ndi 7 chifukwa cha liwiro, kutsala 38. Kuwala kumayenda mamita 300 pa microsecond, ndiye 38 ndi makilomita oposa 11. Pofuna kuthana nazo, mawotchiwo amawachedwetseratu asanawatumize, kuchoka pa 10.23 MHz kufika pa 10.22999999543 MHz.

Pomaliza, mafunde a gravity. Pa 14 September 2015, zipangizo za LIGO ku Hanford ndi ku Livingston ku America, zokhala ndi mikono ya makilomita 4, zinamva kugwedezeka kochokera ku ma black hole awiri (malo amene gravity ndi yamphamvu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo) amene anaphatikizana, lina lolemera ngati madzuwa 36, lina 29. Pa 17 August 2017 mafunde ochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron (zotsalira zothinana kwambiri za nyenyezi zimene zinaphulika) anafika, kuwala kwake n'kutsatira patangopita masekondi 1.7, pambuyo pa ulendo wa zaka pafupifupi 130 miliyoni. Gravity imayenda pa liwiro la kuwala, si ya pompopompo.

Koma samalani ndi chimene umboniwu ukutsimikiza. Ukutsimikiza kuti masamu a Einstein ndi olondola kuposa a Newton. Sukutsimikiza pawokha kuti mawu oti "kupindika" ndiwo okhawo oyenera.

Njira yachitatu: mphamvu yokhala ndi choinyamula

Akatswiri a tizidutswa ta atomu amawerenga mphamvu zinayi za chilengedwe, gravity ili momwemo, ndipo sakunena mwaumbuli. Kwa iwo mphamvu ndi njira imene zinthu zimapatsirana mayendedwe kudzera mwa kanthu konyamula uthenga, monga photon, kachidutswa ka kuwala, pa magetsi ndi maginito. Ndiye amayamba ndi malo ndi nthawi zosapindika, n'kuikamo kanthu kotchedwa graviton, kopanda kulemera, ka spin 2 (spin ndi nambala yosiyanitsira mitundu ya tinthu totere), kogwira chilichonse chokhala ndi energy. Popeza gravity nayonso ili ndi energy, iyenera kudzikoka yokha, ndipo mukalondola zimenezi mpaka kumapeto mumatulukira pa masamu a Einstein omwe aja. Richard Feynman anaphunzitsa motere ku yunivesite ya Caltech mu 1962 ndi 1963, ndipo Stanley Deser anaonetsa njira yachidule mu 1970. Malo osapindika amene munayamba nawo aja amasowa, chifukwa marula ndi mawotchi onse amakhudzidwa mofanana, palibe chotsala choti muwayezere.

Njirayi ndi yothandiza pamene gravity ili yofooka kapena yapakatikati, mwachitsanzo powerengera mafunde a nyenyezi ziwiri zimene zikuzungulirana zisanagundane. Imavuta pa black hole ndi pa chilengedwe chonse, pamene kupindika sikulinso kakusintha kakang'ono. Graviton palibe anaionapo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: pakati pa proton ndi electron, gravity ndi yofooka maulendo pafupifupi 10³⁹ kuposa mphamvu ya magetsi. Komanso mukayesa kuwerengera nayo pa timitunda tating'ono kwambiri, cha m'ma 10⁻³⁵ a mita, masamu amatulutsa manambala opanda malire amene njira zothandiza pa mphamvu zina zitatu zija sizingawachotse.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zovala ziwirizi, mphamvu ndi kupindika, zimasinthanika. Élie Cartan mu 1923 analemba gravity ya Newton ngati kupindika kwa malo ndi nthawi, manambala osasintha. Ndipo pali kalembedwe kotchedwa teleparallel, kochokera ku zimene Einstein ankayesa mu 1928, kamene kamapereka zotsatira za general relativity popanda kupindika, gravity n'kukhalanso ngati mphamvu yopatutsa zinthu pa njira yawo. Ndiye kunena kuti Newton ndi mphamvu, Einstein ndi kupindika, n'kufupikitsa nkhani mopitirira. Palinso ena, monga Ted Jacobson mu 1995 ndi Erik Verlinde mu 2010, amene anati gravity ingakhale chotsatira cha tinthu tina tambirimbiri, monga mmene kutentha kulili chotsatira cha kugwedezeka kwa ma atomu. Imeneyo ikadali ya pa bolodi, musawerengere nayo kanthu.

Musankhe iti

Ngati funso lanu n'lakuti n'chifukwa chiyani zinthu zimagwa, kupindika ndiko kumayankha bwino. Kumafotokoza hamala ndi nthenga popanda kudalira mwayi, kumagwirizana ndi chimene foni yanu yaonetsa, ndipo n'kumene kunatsogolera ku manambala amene anapambana. Mwa tanthauzo la "chimene chimapatutsa chinthu pa njira yake n'kuoneka pa accelerometer", gravity si mphamvu. Mwa tanthauzo la "njira imene zinthu zimakhudzirana n'kupatsana energy", ndi mphamvu. Mikangano yambiri imatha anthu akangogwirizana tanthauzo.

Ngati funso lanu n'lowerengera, pali nambala imodzi yokuuzani. Chulukitsani G ndi makilogalamu a chinthu chokokacho, gawani ndi mtunda wanu kuchokera pakati pake, gawaninso kawiri ndi liwiro la kuwala. Pa dziko pano mupeza 7 × 10⁻¹⁰, pamwamba pa dzuwa 2 × 10⁻⁶, pa nyenyezi ya neutron cha m'ma 0.2, pakhomo pa black hole 0.5. Nambalayi ikukuuzani pafupifupi kukula kwa cholakwa cha Newton. Womanga mlatho, damu kapena thanki ya madzi amagwiritsa ntchito 9.81 basi, ndipo kubweretsa Einstein pamenepo n'kupita ndi nkhwangwa kokathyola bonongwe. Cholakwa chachikulu kwa iye n'kusiyana kwa g malinga ndi malo, 9.78 pa equator ndi 9.83 ku ma pole, n'chifukwa chake sikelo ya sipuling'i kapena ya magetsi yofuna kulondola kwambiri imakonzedwanso ikafika kumene izikagwira ntchito, pamene sikelo ya miyala iwiri ilibe nazo kanthu. Ulendo wa Apollo wa ku mwezi unatheka ndi Newton. Oyendetsa zombo zopita ku mapulaneti lero amayambabe ndi Newton, n'kuwonjezera tizigawo tochokera kwa Einstein. A GPS, a mawotchi a atomu ndi oyeza ma pulsar (nyenyezi za neutron zozungulira mofulumira) sangachite popanda tizigawoto. A ma black hole amafunika masamu onse athunthu, ndipo kugundana kwa ma black hole awiri kunayamba kuwerengeka bwino pa makompyuta mu 2005.

Pa mayeso a MSCE, akakufunsani mphamvu zimene zikugwira pa buku lili pa tebulo, jambulani mivi iwiri: kulemera kuloza pansi, kukankha kwa tebulo kuloza kumwamba. Muvi wapansiwo ndi wa mtundu umodzi ndi chija chimakuponyerani kukhomo minibasi ikakhota mwaliwiro. Umaoneka chifukwa mwasankha kuyeza zonse mutaima pa nthaka, ndipo bola mwasankha choncho, muyenera kuujambula kuti masamu atuluke.